Kufinya Makoko a Zipolopolo: Phewa Libwerere Pang'ono Chabe

Mfuti ikalira, khoko la mkuwa lomwe limagwera pansi lija silikhalanso saizi yake yakale. Mu mfuti ya .308 Winchester mphamvu ya wonga imatha kufika mapaundi 62,000 pa sikweya inchi, ndipo imakankha mkuwawo mbali zonse mpaka ukakamire makoma a chipinda cha mfuti, chija amati chamber. Kutupa kumeneku n'kofunika, chifukwa ndi kumene kumatseka mpata kuti moto usabwerere kunkhope kwa wowombera. Ngakhale mzinga wa Hotchkiss womwe uli pafupi ndi wotchi ya Queen Victoria pa boma la Mangochi paja, wochokera mu sitima ya Guendolen yomwe inawombera sitima ya Ajeremani mu August 1914, unkadya makoko a mkuwa pachifukwa chomwechi. Moto ukazima mkuwa umabwerera pang'ono, khoko n'kutuluka, koma subwerera wonse. Khosi limatsala lotakasuka moti silingagwirenso mutu wa chipolopolo, thupi limanenepa, phewa limasendera kutsogolo. Wofuna kudzazanso khokolo ayenera kulifinya kaye, ndipo kafinyidwe kake ndi komwe kamasiyanitsa zipolopolo zolasa pamodzi ndi zomwazika.

Kuno ku Mangochi ntchitoyi ambiri anaionera ku Joni, makamaka abale athu amene anagwirapo ntchito m'mafamu a nyama ku Limpopo. Kumeneko lamulo la Firearms Control Act la chaka cha 2000 limalola mwini laisensi kudzaza yekha zipolopolo za mfuti yakeyo, ndipo limamuikira malire a ma primer (tizitsulo ta kutako kwa khoko toyatsa wonga) 2,400 pa mfuti iliyonse. Lamulo la kumeneko limathera kumeneko. Kwathu kuno mfuti ndi zipolopolo zili pansi pa Firearms Act yathu, laisensi imachokera ku polisi, ndipo musaganize kuti pepala lokulolani kusunga mfuti lakulolaninso kupanga zipolopolo. Funsani kaye ku polisi, yankho likhale lolembedwa. Za nyama musayambe n'komwe: chisinthireni lamulo la National Parks and Wildlife Act mu 2017, milandu ina ya nyama zotetezedwa imafika zaka 30 kundende, ndipo ng'ona kapena mvuu yovuta mu Shire ndi ku Malombe amathana nayo ndi a zanyama. Pano tikamba za khoko lokha. Muyeso wa wonga suli muno. Umenewo umatengedwa m'buku la kampani yopanga wongawo, monga Somchem, popanda kuonjezerapo nzeru za m'mutu.

Muyeso wa ntchitoyi

Zida zambiri zofinyira n'zochokera ku America, motero manambala ake ali mu inchi, ndipo timawerenga tizigawo ta 0.001 inchi, tomwe ndi 0.025 milimita. Pepala wamba la mu printer n'lochindikala pafupifupi 0.004 inchi. Kusuntha komwe tikufuna paphewa la khoko ndi theka la pepala limenelo. Ndi diso simungakuone, ndi chala simungakumve, choncho caliper (chida choyezera) yowerenga 0.001 inchi ikhale chinthu choyamba kugula, die (chikombole chachitsulo chofinyiramo khoko) yokwera mtengo ibwere pambuyo.

Khoko la mfuti ngati .308 kapena .30-06 likalowa m'chipinda limaimitsidwa ndi phewa lake. Mtunda wochokera pankhope ya bolt, chitsulo chotsekera chipinda kumbuyo, kufika pamene phewa limatsamira ndi umene amati headspace. Bungwe la SAAMI la ku America, loika miyeso ya mfuti ndi zipolopolo, limati chipinda cha .308 chikhale pakati pa 1.630 ndi 1.640 inchi. Ndiye kuti mfuti ziwiri za .308, zonse zabwinobwino, zikhoza kusiyana ndi 0.010 inchi. Wopanga die sadziwa kuti yanu ili pati, choncho amaipanga kuti ithe kufinya khoko lolowa mu mfuti iliyonse. Mukangotsatira kapepala ka m'bokosi, kotsitsa die mpaka igunde shell holder (kachitsulo kogwira tako la khoko) n'kuonjezerapo pang'ono, mukhoza kukhala mukubweza phewa kuwirikiza katatu kapena kanayi kuposa mmene mfuti yanu ikufunira.

Choyamba: patulani makoko

Sonkhanitsani makoko a kampani imodzi, a bokosi limodzi ngati n'kotheka, ophulitsidwa mu mfuti yanu yomweyo. PMP payokha, Norma payokha, Lapua payokha. Mkuwa wake umasiyana kuchindikala ndi kulimba, ndipo die imodzi yomweyo idzawasiya pa miyeso yosiyana. Makoko otola pabwalo lowomberapo, omwe simukudziwa kuti aphulika kangati komanso mu mfuti yanji, n'kutaya nawo nthawi.

Unikani ndi tochi mkati mwa khoko lililonse. Bowo limodzi pakati ndiye khoko la primer ya mtundu wa Boxer, lotheka kulidzazanso. Timabowo tiwiri m'mbali ndiye Berdan, yofala m'zipolopolo zakale za .303, imeneyo ithyola kasingano kochotsera primer pa khoko loyamba lomwe. Makoko achitsulo, omwe maginito amawagwira, ikani pambali.

Chachiwiri: tsukani, chotsani primer

Mchenga wa kuno ndi mdani wa die. Kamchenga kamodzi kakakanirira mkati, khoko lililonse lotsatira limatuluka ndi mzere wokandika. Pukutani lililonse ndi kansanza, khosi mulitsuke mkati ndi kaburashi. Polishi wa zitsulo wokhala ndi ammonia asayandikire. Mkuwa wa makoko ndi magawo 70 a kopa ndi 30 a zinc, ndipo ammonia ikakumana ndi chinyezi imaung'amba. Asilikali a Britain ku India anazionera pa zipolopolo zomwe ankasunga m'makola a akavalo nthawi ya mvula, makosi n'kumang'aluka okha chifukwa cha mkodzo wa akavalowo. Ndiye bokosi la makoko lisagone m'chipinda chimodzi ndi matumba a feteleza, kapena kukhoma loyandikana ndi khola la mbuzi, makamaka m'miyezi ya dzinja pomwe chinyezi cha kunyanja chimalowa paliponse.

Primer yakale ichoke musanayeze chilichonse. Nthawi zina imatsala itatukuka pang'ono, ndipo caliper ikatsamira pamenepo ikupatsani nambala yabodza. Die yongochotsa primer, yosakhudza thupi la khoko, ndi yomwe ikufunika apa.

Chachitatu: yezani phewa

Apa ndiye pagona nkhani. Pali kachitsulo kobooka komangirira pa caliper, kotchedwa headspace comparator. A Hornady amapanga, ndipo a RCBS ali ndi chida chawo chotchedwa Precision Mic chogwira ntchito yomweyo. Bowo lake limatsamira pakati pa phewa. La .308 ndi la 0.400 inchi, la .30-06 ndi la 0.375 inchi. Mangani, tsekani caliper, ikani pa ziro, lowetsani khosi m'bowomo, zunguzani khoko pang'ono kuti likhazikike, werengani. Dzanja likhale lopepuka ndipo lizikanikiza chimodzimodzi nthawi zonse, apo ayi mukhala mukuyeza mphamvu ya chala chanu.

Tiyerekeze kuti makoko asanu akupatsani 1.624, 1.625, 1.625, 1.626 ndi 1.625. Tengani lalitali, 1.626. Limenelo ndi lomwe layandikira kwambiri kukula kwa chipinda chanu. Nambalayi musaiyerekeze ndi ya SAAMI kapena ya mnzanu, chifukwa mabowo a timazitsulo timeneti amasiyana. Ntchito yake n'kufanizira khoko lophulika ndi lofinyidwa pa chida chimodzi chomwecho. Dziwaninso kuti khoko lophulika kamodzi nthawi zambiri limakhala lisanadzaze chipinda chonse. Ngati makoko anu akulowa mu mfuti mosavuta asanafinyidwe n'komwe, phewa lake silinafike, ndipo kulibweza panopa n'kulibweza pachabe. Muyeso weniweni umaoneka likaphulika kawiri kapena katatu, bolt ikayamba kulimbako potseka.

Cholinga: pa mfuti ya bolt, phewa libwerere 0.002 inchi kuchokera pa muyeso umenewo. Pachitsanzo chathuchi ndi 1.624. Mfuti zodzilowetsera zokha chipolopolo zimafuna mpata wokulirapo, 0.003 mpaka 0.004.

Chachinayi: sankhani njira

Njira zake zazikulu ndi ziwiri, ndipo mkangano wake ndi wakale.

Ena amafinya khosi lokha, thupi ndi phewa n'kuzisiya mmene zatulukira mu mfuti. Ganizo lawo limamveka: khoko laumbidwa kale ndi chipinda chake, likalowanso likhala thithithi, chipolopolo chiyang'ana pakati penipeni pa mpope, ndipo mkuwa wosavutitsidwa ukhalitsa. Pa kuphulika koyamba ndi kwachiwiri zimayendadi choncho. Vuto limabwera pambuyo. Khoko limakulirakulira nthawi iliyonse likaphulika, ndipo onse sakula mofanana. Pofika kachitatu kapena kachinayi, lina likulowa mwaulemu, lina mpaka mumenye bolt ndi chikhatho. Zipolopolo ziwiri zotero sizilinso zofanana, ndipo mfuti yomwe mwailimbana nayo potseka yasuntha pamtsamiro wake. Kukakamiza bolt kumadyanso timano take totsekera. Pamapeto pake mufinyabe thupi lonse, ndipo gulu limenelo likhala losiyana ndi lomwe munayesera. Komanso mkuwa suchindikala mofanana kuzungulira khoko. Mbali yopyapyala imatupa kwambiri, khoko n'kukhota pang'ono, ndipo likakhala lothina m'chipinda kukhotako kumapotoza mutu wa chipolopolo.

Njira inayo n'kufinya khoko lonse, full length, nthawi iliyonse. Imeneyi inatchuka moipa chifukwa cha anthu otsitsa die mpaka pansi. Phewa likabwerera 0.008 kapena 0.010 inchi, zomwe zimachitika mu mfuti ndi izi: firing pin (kasingano komenya primer) imakankhira khoko kutsogolo, wonga uyaka, makoma akutsogolo omwe ndi opyapyala akakamira chipinda, ndiye tako la khoko limakankhidwa kubwerera ku bolt. Mkuwa umatanuka pamwamba pang'ono pa tako, n'kupyapyala pamenepo. Mufinyenso, utanukenso. Mwana aliyense wopanga galimoto ya mawaya amadziwa kuti waya ukaupindapinda pamalo amodzi umayamba wauma kenako n'kuduka. Khoko nalonso limaduka pakati, tako n'kutuluka ndi bolt, thupi n'kutsala m'chipinda, moto n'kuthawira kunkhope. Likakhala lisanaduke, mpata waukuluwo umachititsa kuti primer isamenyedwe mofanana, ndipo kuyaka kosiyana ndi liwiro losiyana.

Ine ndili kumbali ya kufinya lonse koma mwa muyeso. Phewa likabwerera 0.002 yokha, mkuwa sutanuka kwenikweni, khoko lililonse limalowa mofanana lero ndi mawa, thupi silikhudza makoma kuti lipotoze kanthu, ndipo mutu wa chipolopolo umawongoledwa ndi pakhosi pa mpope. Ambiri mwa opikisana pa mipikisano yolasa chandamale ya benchrest ndi F-Class, anthu olimbirana timamilimita, anasiya kufinya khosi lokha n'kubwerera ku njira imeneyi. Kwa ife kuno palinso fumbi la mu October. Chipolopolo chothina kale chikatola timchenga m'thumba, bolt sitseka.

Pali kanjira kena komwe anthu amakakonda: kukweza die ya full length kuti ingofinya gawo la khosi. Samalani nako. Die imayamba kufinya thupi isanafike paphewa, ndipo mkuwa wofinyidwa m'mbali umathawira kutsogolo, phewa n'kutalika kuposa mmene linalili. Mudzadabwa khoko lofinyidwa likukana kulowa pomwe losafinyidwa limalowa.

Chachisanu: ikani die

Lowetsani shell holder, kwezani press (makina ofinyira) mpaka pamwamba, tsitsani die mpaka igunde, kenako ibwezeni kuzungulira kumodzi kwathunthu. Pakani khoko mafuta, finyani, pukutani, yezani. Poyamba nambala siisintha, kapena ikwera pang'ono pachifukwa tanena chija. Musadandaule, tsitsani die pang'ono, yesaninso.

Mawu akuti pang'ono apa ali ndi masamu ake. Mazinga a die ndi 14 pa inchi, kutanthauza kuti kuzungulira kumodzi kumatsitsa die ndi 0.071 inchi. Kota ya kuzungulira, yomwe anthu amaiona ngati yochepa, ndi pafupifupi 0.018 inchi, kuwirikiza kasanu ndi kanayi zomwe tikufuna. Kuti musunthe 0.002 muyenera kupotoza madigiri 10 okha, mamilimita atatu kapena kuchepera pamphepete mwa ring yomangira. Lembani kamzere ndi maka pa die ndi pa press kuti muziona mwasuntha bwanji. Nambala ikangoyamba kutsika, chepetsaninso dzanja.

Mukayandikira, muzitenga khoko latsopano pa kuyesa kulikonse. Lomwe lafinyidwa kanayi lauma, ndipo silikuuzani zoona za anzake. Mukafika pa 1.624 yathu ija, mangani ring, finyani ena atatu, yezani onse, chifukwa kumanga ring kumene kumatha kusuntha die. Amene ali ndi ndalama amagula ma shell holder a Redding Competition, omwe amasiyana ndi 0.002 inchi kuyambira 0.002 mpaka 0.010, die imagunda shell holder nthawi zonse, inu mumangosintha shell holder mpaka muyeso ukwane.

Tsimikizani ndi mfuti yeniyeniyo, ndi khoko lopanda primer ndi wonga. Ngati mumadziwa kuchotsa firing pin mu bolt, chotsani kuti sipuling'i isakunamizeni. Chogwirira cha bolt chizitsika pafupifupi chokha, mwina n'kamphamvu kochepa kumapeto.

Chachisanu ndi chimodzi: mafuta ndi dzanja

Mafuta ofinyira, kaya ndi phula la Imperial kaya lanolin, apakidwe pathupi mopyapyala, ongomveka kuterera pachala. Paphewa pasafike. Mafuta akaunjikana paphewa alibe kothawira, amaboola timaenje. Kuiwala kupaka n'koipa koposa: khoko limakanirira mu die, mkombero wake n'kuthothoka, tsiku lonse n'kuthera pochotsa. M'nyengo yotentha phula limasungunuka m'kachitini, chala n'kumatenga lochuluka osadziwa, ndiye lisungeni pamthunzi.

Kuchuluka kwa mafuta kumasintha muyeso wa phewa, chimodzimodzinso kakokedwe ka chogwirira. Kokani mofanana, mukafika pansi imani masekondi atatu kapena anayi kuti mkuwa ukhazikike, kenako bwezani. Tebulo likhale losagwedera. Mukamaliza pukutani mafuta onse, chifukwa khoko loterera siligwira makoma a chipinda ndipo mphamvu yambiri imatsikira pa bolt.

Chachisanu ndi chiwiri: khosi

Phewa likakhala bwino, kulasa kwenikweni kumatsalira pakhosi: likugwira mutu wa chipolopolo mwamphamvu bwanji, komanso mowongoka bwanji.

Die wamba imafinya khosi mopitirira, kenako potuluka kampira kachitsulo kotchedwa expander kamalikuzanso kuchokera mkati. Kampira kameneka kakamadutsa mouma, mumamva kulira kwa mkuwa ndipo chogwirira chimalimba pobwerera. Pamenepo kakukoka khosi, kulipotoza, nthawi zina kukokanso phewa lomwe mwavutika kulibweza lija. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: burashi m'khosi, graphite wouma pang'ono kukamwa kwa khoko, ndipo ndodo ya expander muimange kampirako kali m'khosi kuti ikhale pakati. Ambiri amene amadandaula ndi die wamba sanachitepo zitatuzi.

Die ya bushing, ngati Redding Type S, ili ndi kamphete kosinthika komwe kamafinya khosi pa muyeso womwe mwasankha. Yezani khosi la chipolopolo chodzaza kale, chotserani 0.002. Mutu wa 0.308 ndi mkuwa wa 0.014 mbali iliyonse zikupatsani 0.336, ndiye kamphete kake ndi 0.334. Koma kamphete kamawongola kunja kokha. Ngati mkuwa wa khosi uli wochindikala mbali imodzi, kusiyanako kumakankhidwira mkati, komwe kumakhala mutu wa chipolopolo. N'chifukwa chake bushing imayenda bwino ndi makoko abwino kapena osendedwa khosi. Ndipo ngati chipinda chanu n'chotakasuka pakhosi, moti kamphete kakuyenera kubweza kupitirira 0.005 inchi nthawi imodzi, khosi limatha kukhota. Finyani kawiri ndi timphete tiwiri.

Njira yomwe ambiri atengera masiku ano n'kuchotsa kampira kaja, kufinya khosi mocheperako pang'ono, kenako kulowetsa kandodo kosalala kotchedwa mandrel kuchokera pamwamba. Ka .308 kamakhala 0.306. Pokankha kulowa pansi khoko limakhala litatsamira tako lake, choncho silipotoka ngati pokoka, ndipo mkati mwa khosi mumatsala mozungulira bwino.

Kwa wa thumba lopepuka, Lee Collet die ndi yabwino kuposa mtengo wake. Imakanikiza khosi pa kandodo ka mkati, sifuna mafuta, ndipo imatulutsa makosi owongoka. Payokha ndi yofinya khosi lokha, choncho iphatikizeni ndi body die yomwe imafinya thupi ndi phewa osakhudza khosi. Ntchito imakhala iwiri, koma zotsatira zake zimapikisana ndi zida zodula.

Kuwongoka kumayezedwa ndi concentricity gauge, ndipo ambiri amakhutira mutu ukamagwedera osapitirira 0.002 kapena 0.003 inchi. Mulibe chidacho? Gubuduzani chipolopolo pagalasi loyala, diso lili pamlingo wa galasilo, muyang'ane nsonga. Ikamavina moonekera, kukhotako n'kwakukulu ndithu.

Mkuwa wa khosi umauma pofinyidwafinyidwa. Mumazindikira polowetsa mutu: wina ukulowa mofewa, wina molimba, ndipo phewa layamba kukana kubwerera pa muyeso womwe die inali kupereka. Kuufewetsa n'kuwotcha khosi ndi phewa kwa timasekondi, ndipo ambiri amayezera ndi utoto wa Tempilaq wosungunuka pa 750°F, pafupifupi 400°C. Moto usafike kutako. Tako lofewa limaphulika, ndipo khoko lotero silikonzedwa. Ngati mulibe choyezera kutentha, kuli bwino kugula makoko atsopano.

Chachisanu ndi chitatu: utali ndi kuunika

Kufinya kumatalikitsa khoko, ndiye utali uyezedwe pambuyo pofinya. Malire a .308 ndi 2.015 inchi ndipo amadula pa 2.005, a .30-06 ndi 2.494, kudula pa 2.484. Khoko lotalika limakapanikizika pakhosi pa mpope, kukamwa kwake n'kuluma mutu wa chipolopolo, mphamvu n'kukwera moopsa. Dulani onse mofanana, palani kukamwa mkati ndi kunja. Ngati mukudula kwambiri nthawi iliyonse, mkuwawo ukuchokera kutako, ndipo die yanu yatsika mopitirira.

Wongolani kawaya kopanira mapepala, pindani nsonga yake pang'ono, muinole. Lowetsani mpaka pansi pa khoko, kandani khoma pokwera. Nsonga ikakodwa m'kangalande pamwamba pa tako, khokolo latha. Kunja kwake nthawi zambiri kumaoneka kamzere kowala kozungulira pamalo omwewo.

Za .303 ndi .375

Mfuti ziwirizi, zodziwika kwambiri kuno ku Africa, zili ndi khalidwe lawo. .303 British imaimitsidwa ndi mkombero wa kutako, ndipo .375 H&H, yomwe kampani ya Holland & Holland inatulutsa mu 1912, imaimitsidwa ndi lamba wake. Poti phewa si lomwe limaimitsa khoko, opanga mfuti sankasamala kwenikweni kuti phewa la chipinda lili pati, ndipo kawirikawiri lili patsogolo ndithu. Imikani khoko la .303 lophulika mu Lee-Enfield pambali pa latsopano, muona ndi maso kuti phewa lasamuka. Lee-Enfield inapangidwira nkhondo, chipinda chotakasuka kuti chilandire zipolopolo zamatope, ndipo bolt yake imatsekera kumbuyo, zomwe zimalola khoko kutanuka kwambiri. Mukamabweza phewa limenelo pamalo ake akale nthawi iliyonse, makoko aziduka asanapite patali. Apa ndi pomwe kufinya khosi lokha kuli ndi malo ake, ndipo collet die imathandiza zedi. Bolt ikayamba kulimba, bwezani phewa ndi 0.002 yomweyo kuchokera pomwe lafika, ngati kuti mkombero kulibe.

Pa .375 chitani chimodzimodzi, yezerani paphewa, lamba mumuiwale. Kusiyana kwake n'kwakuti mfuti imeneyi imanyamulidwa komwe kuli nyama zoopsa, ndipo kumeneko chipolopolo cholowa mosavuta chimaposa cholasa bwino ndi milimita imodzi. Patsani phewa 0.003 kapena 0.004, gwiritsani makoko atsopano kapena ophulika kamodzi, khosi ligwire molimba kuti mitu isasunthe m'magazini mfuti ikamakankha.

Pomaliza: funsani pepala

Zonsezi ndi maganizo mpaka mfuti yanu itavomereza. Tengani makoko a gulu limodzi, agaweni pawiri, theka mufinye njira ina, theka njira inayo. China chilichonse chikhale chofanana: wonga, primer, mutu, kuya kwake. Lembani ndi maka patako kuti asasakanikirane. Pitani kumalo ovomerezeka owomberako, mamita 100, mfuti itatsamira pa matumba a mchenga kutsogolo ndi kumbuyo.

Nthawi yake ndi m'mamawa. Dzuwa la kuno likakwera mpweya umayamba kunjenjemera pamwamba pa nthaka, chandamale n'kumavina mu scope (galasi loyang'anira la pamfuti), ndipo m'miyezi ya mwera mphepo imatha kumwaza zipolopolo kuposa kusiyana komwe mukufufuza. Bokosi la zipolopolo likhale pamthunzi. Wonga wotenthedwa ndi dzuwa, monga wosiyidwa m'galimoto yotseka, umakwera mphamvu. Musawombere gulu lonse loyamba kenako lachiwiri, chifukwa lachiwirilo lipeza mpope wotentha ndi phewa lanu lotopa. Sinthanitsani: chimodzi cha njira iyi pa chandamale chake, chimodzi cha inayo pa chake, mukupumitsa mpope.

Zipolopolo zitatu sizinena kanthu. Mfuti iliyonse imatha kuika zitatu pamodzi mwamwayi, ndipo timapepala totere ndi tomwe anthu amasunga m'chikwama n'kumaonetsa anzawo. Womberani zisanuzisanu, magulu anayi kapena kuposa pa njira iliyonse. Yezani kuchokera kunja kwa bowo lakutali kufika kunja kwa linzake, chotserani kukula kwa mutu, komwe pa .308 ndi 7.8 milimita. MOA imodzi, muyeso wa kumwazika kwa zipolopolo, pa mamita 100 ndi pafupifupi 29 milimita, ndipo mfuti wamba yosunga magulu ake pamenepo ili bwino. Musadabwe mukapeza kuti njira ziwirizo zasiyana ndi timamilimita tiwiri tokha, kapena kuti lero yapambana iyi mawa inayo. Pa mfuti wamba, mtundu wa mutu, muyeso wa wonga, zomangira za scope ndi chala cha mwini wake zimasuntha gulu kuposa die. Kusiyana kwa kagwiridwe ka khosi kumayamba kuonekera bwino pa mamita 300 kupita kutsogolo, mabowo akamatalikirana chokwera ndi chotsika. Zikafanana, tengani njira yomwe bolt ikutseka mofewa.

Lembani m'kope muyeso wa phewa, nambala ya bushing kapena mandrel, shell holder yomwe munagwiritsa, ndi kuti gululo laphulika kangati. Shell holder imeneyo izikhala m'bokosi limodzi ndi die yake, chifukwa mukasintha n'kuika ya kampani ina muyeso wonse uyambirenso. Makoko omwe kawaya kawakana, ong'aluka khosi, kapena omwe primer ikulowa mosagwira, aphwanyeni kukamwa ndi pulayala nthawi yomweyo kuti asabwererenso m'bokosi, ndipo asatayidwe kudzala komwe ana amatola zoseweretsa.